Kodi wosewera akasaina kontrakiti ndiye kuti wavomera kulumala?

a Gondwe: Abale, tiyeni tibwerere ku nkhani imene tinaisiya pakati ija. Osewera akale a rugby mazanamazana ku Britain akusumira mabungwe oyendetsa rugby, World Rugby, RFU ya ku England ndi WRU ya ku Wales, chifukwa cha matenda a ubongo. Mmodzi mwa iwo ndi Steve Thompson, amene anatenga nawo chikho cha dziko lonse ndi England mu 2003. Mu 2020, ali ndi zaka 42, anaulula kuti anamupeza ndi matenda oiwalaiwala ndipo masewero a chikhocho sakuwakumbukira. Anthu ambiri akamva izi yankho lawo ndi limodzi: walira mvula walira matope. Ati munthu analowa yekha m'bwalo, ankalandira malipiro, lero akudandaula chiyani? Ndikufuna tione ngati mawuwa ali ndi maziko. Womenya nkhonya, wa rugby, wa mpira wa ku America kapena wa mpira wathu wamiyendo, akamasaina kontrakiti amavomera chiyani kwenikweni?

a Tembo: Ine ndiima mbali ya mwambiwo, makamaka pa nkhonya. Pamenepo palibe chobisika, cholinga ndi kumenya mutu wa mnzako mpaka agwe. Dokotala wa ku New Jersey, Harrison Martland, analemba kale mu 1928 za omenya nkhonya amene ankayenda dzandidzandi ndi kulankhula ngati oledzera. Mu 1982 Duk-koo Kim anamwalira atagwetsedwa ndi Ray Mancini mu raundi 14 ku Las Vegas, ndipo bungwe la nkhonya la WBC linatsitsa maraundi kuchoka pa 15 kufika pa 12. Aliyense wolowa masewerawa amamva nkhani zimenezi. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha ntchito yoopsa. Msodzi amalowa pa nyanja nyengo ya mwera, wina amatsikira mu mgodi ku Joni, ndipo sitiwauza kuti sakudziwa chimene akuchita.

Mayi Nachisale: A Tembo, mwambi wanuwo uli ndi mnzake m'malamulo. Maloya amati volenti non fit injuria, kutanthauza kuti wovomera mwa kufuna kwake salakwiridwa. Koma makhoti saulandira mwachisawawa. Amafunsa ngati munthuyo ankadziwa choopsacho ndi kukula kwake, ngati anali ndi mpata weniweni wokana, komanso ngati chimene chamugwera ndi chomwecho chimene anavomera. Funso lomalizali ndi limene limagwetsa mabungwe.

Tengani mlandu wa Michael Watson. Pa 21 Seputembala 1991 anamenyana ndi Chris Eubank ku White Hart Lane ku London. Kumapeto kwa raundi 11 analandira nkhonya yochokera pansi, nagwa chagada, mutu nkugunda chingwe. Woimbira anaimitsa nkhonyazo mu raundi 12, kenako Watson anakomoka. Pabwalopo panalibe dongosolo lomupatsira mpweya ndi kumutsitsimutsa pompo, ndipo anayamba wapita naye ku chipatala chimene chinalibe madokotala a ubongo asanamusamutsire kwina. Anakhala chikomokere masiku 40, anamuchita maopareshoni 6. Anasumira British Boxing Board of Control, bungwe loyendetsa nkhonya ku Britain, ndipo mu Disembala 2000 khoti la apilo linagwirizana naye. Mfundo yake inali yakuti Watson anavomera nkhonya za Eubank, koma sanavomere kusowa chithandizo atagwa. Chipukuta misozi chinali pafupifupi £1 miliyoni. Bungwelo linalephera kulipira, anagwirizana £400,000, ndipo linagulitsa likulu lake ku London nkusamukira ku Cardiff.

Ndiye chitsanzo cha mgodi chija chikukutsutsani nokha. Wotsikira mu mgodi amavomera mdima ndi kutentha, koma mwini mgodi akabisa kuti fumbi likuwononga mapapo, khoti silimusiya.

a Tembo: Pa za ambulansi ndi mpweya ndavomera, mayi. Koma amenewo ndi mavuto a tsiku la masewero. A Gondwe afunsa za kulumala kobwera pakapita zaka 20.

a Mbewe: Tisiyanitse kaye zinthu, chifukwa anthu amaziponya mu dengu limodzi. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, ndi wofewa, ndipo umayandama m'madzi mkati mwa chibade. Mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi chibade chimatsogola, ubongo nkutsalira. Choipa kwambiri ndi kutembenuka kwa mutu, nchifukwa chake nkhonya ya pachibwano imagwetsa munthu kuposa ya pamphumi. Chibwano chili patali ndi khosi, ndiye chimapotoza mutu ngati mpini.

Vuto loyamba ndi kukha magazi. Timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikuto chake tikaduka, magazi amaunjikana pang'onopang'ono nkuyamba kufinya ubongo, poti chibade sichitanuka. Nthawi zina munthu amadzuka, nkulankhula bwinobwino, kenako pakapita ola kapena awiri nkugwa. Apa mankhwala ake ndi opareshoni, ndipo nthawi imawerengedwa m'mphindi.

Lachiwiri ndi kugwedezeka kwa ubongo, concussion. Tiulusi ta ubongo timakokeka, maselo amasokonekera ndipo amafuna mphamvu zambiri pamene magazi ofika kumeneko achepa. Pa anthu 10 ovulala motere, pafupifupi 9 sakomoka. CT scan imaoneka yabwinobwino. Wina akati "sanakomoke, ali bwino" dziwani kuti akulakwitsa.

Lachitatu ndi CTE, matenda oononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo ndi limene likutivutitsa pano. Puloteni yotchedwa tau imaunjikana mozungulira timitsempha ta magazi, pansi pa makwinya a ubongo, pomwe kukokeka kumakhala kwakukulu. Zizindikiro zimabwera mochedwa: kuiwala, kupsa mtima msanga, kukhumudwa, kulephera kulinganiza zinthu. Pakali pano CTE imatsimikizika pokhapokha munthu atamwalira, ubongo wake utadulidwa ndi kuikidwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ndipo chimene chimaibweretsa si kugwa kamodzi kochititsa mantha kuja, koma kugundidwa kochulukitsa, ngakhale kopanda chizungulire, kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa ku Boston University mu 2019 anapeza kuti pa mpira wa ku America mwayi wodwala CTE umawirikiza kawiri pa zaka 2.6 zilizonse zosewera.

Tsono wosewera wa mu 1995 ankadziwa za bondo ndi phewa. Za lachitatuli sankauzidwa.

a Kaunda: Pa NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, si kungosauzidwa, anauzidwa zosiyana. Mu 1994 NFL inakhazikitsa komiti yoona za kuvulala kwa ubongo, wapampando wake Elliot Pellman, dokotala wa nyamakazi, osati wa ubongo. Komitiyo inatulutsa zolemba zochepetsa vutoli. Mu 2002 Bennet Omalu, dokotala wopima mitembo wobadwira ku Nigeria, anapima ubongo wa Mike Webster wa Pittsburgh Steelers, amene anamwalira ali ndi zaka 50. Atasindikiza zimene anapeza mu 2005, madokotala a komitiyo analemba kalata yofuna kuti zolembazo zichotsedwe. Zinatenga mpaka 2016 kuti mkulu wina wa NFL, Jeff Miller, avomere pamaso pa aphungu ku Washington kuti mpirawu ndi CTE nzogwirizana. Pakati pa zaka zimenezo Dave Duerson mu 2011 ndi Junior Seau mu 2012 anadzipha podziwombera pachifuwa, ndipo onse awiri anapezeka ndi CTE. Duerson anasiya uthenga wopempha kuti ubongo wake ukapimidwe.

Osewera akale oposa 4,500 anasuma. Mu 2013 anagwirizana $765 miliyoni, woweruza anakana poona kuti ndalamazo sizingakwane, ndiye malire anachotsedwa. Ngakhale pamenepo panali china chowawa. Poyeza amene ayenera kulipidwa ankatenga ngati munthu wakuda amayambira pansi pa nzeru, motero zinkavuta kusonyeza kuti nzeru zake zatsika. Kevin Henry ndi Najeh Davenport anasumira zimenezi mu 2020, ndipo NFL inavomera kusiya mu 2021.

Munthu sungamubise chinthu nkumanena kuti anachivomera.

a Tembo: Zimenezo nzoona, ndipo za akalewo sinditsutsa. Koma manambala ena tiziwagwira mosamala. Anthu amakonda kunena kuti Ann McKee mu 2017 anapeza CTE mu ubongo wa osewera 110 mwa 111 a NFL. Ubongo umenewo unaperekedwa ndi mabanja amene ankaona kale kuti bambo awo sali bwino. Sizitanthauza kuti osewera 99 pa 100 alionse adzadwala. Komanso lero ndi lero. Mnyamata wolowa NFL chaka chino wamva za Seau. Iyeyo ndiye wavomera.

a Mbewe: Chenjezo lanu pa 110 aja ndi loyenera, ndipo ofufuzawo analinena okha. Nchifukwa chake kafukufuku wa ku Glasgow ali wolemera kwambiri. Willie Stewart ndi anzake sanadikire mabanja kubweretsa ubongo. Anatenga mbiri ya zaumoyo ya osewera mpira wamiyendo akale 7,676 a ku Scotland, obadwa pakati pa 1900 ndi 1976, nkuwayerekeza ndi amuna ena oposa 23,000 ofanana nawo msinkhu ndi kochokera. Zotsatira za mu 2019 zinasonyeza kuti osewerawo ankamwalira ndi matenda oononga ubongo mowirikiza ka 3.5. Pa Alzheimer's kunali pafupifupi ka 5, pa Parkinson's pafupifupi ka 2. Atawagawa malinga ndi malo osewera mu 2021, magoloboyi sanasiyane kwenikweni ndi anthu wamba, pamene otchinga kumbuyo, amene amamenya mpira ndi mutu kwambiri, anali pamwamba penipeni, pafupifupi ka 5. Kunena chilungamo, osewera omwewo ankafa mochepa ndi matenda a mtima. Mpira umalimbitsa thupi, koma mutu ukulipira.

a Gondwe: Apa ndiye nkhani yatifika pakhomo, chifukwa uwu ndi mpira umene ana athu amasewera tsiku ndi tsiku. Koma si chifukwa cha mpira wachikopa wakale uja, womwa madzi?

a Kaunda: Ambiri amadzitonthoza ndi mawu amenewo. Lamulo la kulemera kwa mpira poyamba masewero silinasinthe kwenikweni kuyambira 1937, ndi magalamu 410 mpaka 450. Wachikopa unkalemera ukanyowa, inde, koma wolemera umayenda pang'onopang'ono. Wa lero sumwa madzi koma umathamanga kwambiri, ndipo mphamvu yofika pamutu imadalira kwambiri liwiro. Jeff Astle wa West Bromwich Albion anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 59, ndipo wofufuza za imfa anagamula kuti anafa ndi matenda obwera chifukwa cha ntchito. Mu timu ya England imene inatenga chikho mu 1966, Ray Wilson, Martin Peters, Jack Charlton, Nobby Stiles ndi Bobby Charlton onse anadwala matenda oiwalaiwala. Chigamulo cha Astle chinaperekedwa mu 2002, koma malangizo a FA, bungwe la mpira la ku England, oletsa ana osakwana zaka 12 kumenya mpira ndi mutu pa zokonzekera anabwera mu 2020. Mu 2021 anauza matimu akuluakulu kuti mipira yamphamvu ya kumutu, monga ya makona ndi makirosi, isapitirire 10 pa sabata pa zokonzekera. Scotland mu 2022 inaletsa zokonzekera za kumutu tsiku loti mawa kuli masewero ndi tsiku lotsatira masewero. Zaka 18 zodikirazo ndi zimene maloya amaloza.

Mayi Nachisale: Ndibwerere kwa a Tembo pa mnyamata wa lero amene wamva zonse. Tiyerekeze wamvadi. Chilolezo chimene anapereka posaina chili apo, koma chilolezo china chimafunika pa mphindi imene wagundidwa mutu, ndipo chiwalo chimene chiyenera kuganiza ndi chomwecho chimene chavulala. Pa fainolo ya chikho cha dziko lonse mu 2014, Christoph Kramer wa Germany anagundidwa mutu ndi phewa la Ezequiel Garay. Anapitiriza kusewera pafupifupi mphindi 14, mpaka anafunsa woimbira Nicola Rizzoli ngati amenewo analidi masewero a fainolo. Munthu wotere akati "ndili bwino, ndipitiriza", palibe khoti lingawerenge mawuwo ngati chilolezo. Udindo umagwera dokotala, kochi ndi woimbira. Ndipo dokotala wolipidwa ndi timu ali pampanipani, chifukwa womulemba ntchito akufuna mapointi atatu.

a Mbewe: Ndionjezere pamenepo. Choopsa chachikulu ndi kugundidwanso ubongo usanachire. Mu Seputembala 2022 Tua Tagovailoa wa Miami Dolphins anadzandira atagunda mutu pansi Lamulungu, anabwereranso m'bwalo, kenako Lachinayi anagwetsedwanso, zala zake nkuuma zopindika patsogolo pa nkhope. Zitatha izi NFL inasintha malamulo kuti wodzandira asabwererenso tsiku limenelo. Kwa achinyamata kugundidwa kachiwiri kungatupitse ubongo mwadzidzidzi mpaka imfa. Ben Robinson wa ku Northern Ireland anali ndi zaka 14 mu 2011, Rowan Stringer wa ku Canada anali ndi 17 mu 2013, onse pa rugby ya kusukulu. Ku Ontario kuli lamulo la dzina la Rowan kuyambira 2018.

Pa rugby pali mfundo imene osumawo akuigwiritsitsa. Kale wovulala ubongo ankapuma masabata 3. Mu 2011 lamulo linasintha, wosewera wa timu yaikulu nkumatha kubwerera m'masiku 6, ndiye kuti sanali kuphonya ngakhale masewero amodzi. Mu 2022 World Rugby inakweza kufika masiku 12 kwa ambiri. Wosewera sakhala nawo pa tebulo posankha manambala amenewa.

a Chirwa: Ndawerenga zonse, koma mfundo yachiwiri ya Mayi Nachisale, ya mpata wokana, sitinaikhudze mokwanira, ndipo kwa ife ndi pamene pagona nkhani. Chris Borland anasiya San Francisco 49ers mu 2015 ali ndi zaka 24, atangosewera chaka chimodzi, poopa za ubongo. Pat Lambie wa Springboks anasiya mu 2019 ali ndi zaka 28 chifukwa zizindikiro sizinkatha. Anthu awa anali ndi kolowera. Tsono ganizirani mnyamata amene malipiro ake enieni ndi bonasi ya masewero, kwawo akumuyang'anira anthu 8, ndipo pa benchi pali wina amene akudikira malo ake. Akauza kochi kuti mutu ukumuwawa akudziwa kuti jezi yapita. Ngakhale ku NFL, bungwe la osewera limati ntchito ya wosewera wamba imangopitirira pang'ono zaka 3, ndipo makontrakiti ambiri timu ikhoza kuwadula osalipira zotsala. Wosewera amabisa ululu chifukwa dongosolo limamulanga akaulula. Ena amafika poyankha mwadala molakwitsa pa mayeso a nzeru oyambira nyengo, kuti akadzavulala zotsatira zisadzaoneke zotsika.

Pa nkhonya nzoipirapo. Pali anyamata amene amaitanidwa masiku ochepa nkhonya zisanachitike kuti akakhale makwerero a katswiri wa kwawoko. Amawoloka malire, amamenyedwa, nkubwerera. Bungwe lina likamuimitsa masiku 30 kapena 45 atagwetsedwa, iye akhoza kukamenya dziko lina ngati mabungwe sakuuzana. Amavomera, inde, koma ndi njala imene ikusaina.

a Tembo: Koma achimwene, mukatero ndiye kuti wosauka aliyense sangavomere kanthu. Isaac Chilemba anachoka ku Blantyre, anakakhwimira ku South Africa, mpaka anamenyana ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 kulimbirana malamba a dziko lonse. Mukanamuletsa pomuteteza mukanamulanda moyo umene anasankha. Kuteteza munthu mopitirira kumasanduka kumunyoza.

a Chirwa: Sindikuti aletsedwe. Ndikuti amene akudyerera pa kusankha kwakeyo asabisale kumbuyo kwa siginecha. Wokonza nkhonya akutenga ndalama za pakhomo, ndiye ambulansi, mpweya ndi inshuwalansi zichoke pa ndalama zomwezo.

Mayi Nabanda: Mwakhazikika pa mutu, koma kulumala kofala kwambiri kuli m'munsi. Mtsempha wa mkati mwa bondo, ACL, ukaduka sudzilumikiza wokha. Amadula kachigawo ka mtsempha wina wa mwendo womwewo, kuboola mafupa awiri nkukamangirira. Kubwerera m'bwalo kusanathe miyezi 9 kumachulukitsa mwayi woti udukenso. Ndipo ngakhale opareshoni iyende bwino, pafupifupi theka la anthu otere amakhala ndi nyamakazi ya bondo pakapita zaka 10 mpaka 20, makamaka ngati chichereweche cha pakati pa mafupa chinang'ambika nkuchotsedwa. Chimenecho sichimeranso. Fupa limayamba kukhuzana ndi fupa.

Apa jakisoni ndiye mdani. Ululu ndi umene umauza munthu kuti aime. Ukauzimitsa ndi mankhwala ochititsa dzanzi kapena cortisone, wosewera amathamanga pa mfundo yoonongeka. Mapiritsi ngati diclofenac ndi brufen akamwedwa masewero alionse, munthu ali wopanda madzi m'thupi, amaononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Marco van Basten anasewera masewero ake omaliza mu 1993 ali ndi zaka 28, ndipo pambuyo pake anamumangirira mafupa a kakolo kuti asapindikenso. Gabriel Batistuta ananena yekha kuti atasiya mpira ululu unafika poti anapempha dokotala amudule miyendo. Mnyamata wa zaka 22 akamalandira jakisoni mphindi 30 masewero asanayambe, ndi angati amene amamufotokozera za masitepe amene adzalephere kukwera ali ndi zaka 45?

Zina zimapeweka popanda ndalama. Dongosolo lotenthetsa thupi la FIFA 11+ limatenga mphindi 20, likachitidwa kawiri kapena katatu pa sabata limachepetsa kuvulala pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Timu imene silichita singanene kuti bondo la wosewera linali tsoka chabe.

a Gondwe: Nanga zipewa ndi zotchingira mano? Makolo ambiri amaganiza kuti akagula zimenezo nkhani yatha.

a Mbewe: Chipewa chimateteza chibade kuti chisasweke ndi khungu kuti lisang'ambike. Sichiletsa ubongo kugwedezeka mkati. Kachipewa kofewa ka rugby kamateteza makutu ndi mabala basi. Pa nkhonya za amuna za Olympics zipewa zinachotsedwa ku Rio mu 2016, bungwe loyendetsa litaona kuti sizichepetsa vutoli, mwina zimakulitsa mutu woti umenyedwe ndi kutchinga maso m'mbali. Magolovesi nawonso amateteza dzanja la womenya kuposa mutu wa womenyedwa, nchifukwa chake munthu amatha kumenya mutu maraundi 12 osathyoka zala. Chotchingira mano ndi cha mano ndi nsagwada, ngakhale kuyambira 2024 World Rugby ikugwiritsa ntchito zokhala ndi kachipangizo koyeza mphamvu ya kugunda nkutumiza uthenga kwa dokotala.

Chimene chimathandizadi ndi kuchepetsa chiwerengero cha kugundidwa, ndipo kugundidwa kwambiri kumachitikanso pa zokonzekera, osati pa masewero pokha. World Rugby mu 2021 inalangiza kuti kugundana ndi mphamvu zonse kusapitirire mphindi 15 pa sabata. Pa nkhonya ndi chimodzimodzi, maraundi a sparing'i, nkhonya zokonzekera, pa chaka amaposa kutali a nkhonya zenizeni, ndipo kumeneko kulibe dokotala.

a Kaunda: Pa nkhonya muonjezere za sikelo. Kuyeza kumachitika tsiku loti mawa nkhonya, ndiye ambiri amadziumitsa, osamwa madzi, kuthamanga atavala mapulasitiki, kuti atsitse makilogalamu angapo m'masiku ochepa. Munthu wouma amatopa msanga, manja amatsika, amalandira nkhonya zambiri m'maraundi omaliza. Bungwe la nkhonya la IBF limayezanso m'mawa wa tsiku la nkhonya ndipo sililola kukwera kuposa mapaundi 10, pofuna kuletsa khalidweli. Ku Britain womenya nkhonya amajambulidwa ubongo ndi MRI chaka chilichonse asanapatsidwenso laisensi.

Kufupi ndi kwathu, mu Juni 2022 ku Durban, Simiso Buthelezi mu raundi 10 anatembenukira ku ngodya yopanda munthu nkuyamba kuponya nkhonya m'malere. Woimbira anaimitsa pompo, anathamangira naye kuchipatala, koma anamwalira patapita masiku ochepa chifukwa cha kukha magazi mu ubongo. Anali akutsogola pa nkhonyazo. Kuopsa sikuli kwa wogonja yekha.

Mayi Nabanda: Poti pagulu pano pali makochi ndi aphunzitsi a masewera, ndilembe zoyenera kuchita wosewera akagundidwa mutu, chifukwa ma CT scan ali m'zipatala zikuluzikulu zokha ndipo madokotala a opareshoni ya ubongo kwathu ndi ochepa kwambiri.

Akagwa osadzuka, musamunyamule manja ndi miyendo monga timaonera, ndipo musamuthire madzi kumaso kapena kumukoka khosi. Mmodzi agwire mutu kuti usasunthe, wina aone ngati akupuma. Ngati wadzuka, mufunseni: tili pa bwalo liti, ndi chigawo chiti cha masewero, wagoletsa komaliza ndani, sabata yatha tinasewera ndi timu iti, tinapambana kodi. Akaphonya limodzi atuluke. Akayankha onse koma akudzandira, maso ali gwa, kapena akugwira mutu, atulukebe ndipo asabwerere tsiku limenelo. Kuyambira mu 2024 malamulo a IFAB, bungwe lokonza malamulo a mpira wamiyendo, amalola mipikisano kukhala ndi wolowa m'malo wapadera wa vutoli, kuti kochi asaope kutha kwa masabu.

Thamangirani kuchipatala ngati wasanza, mutu ukuwawa moonjezereka, akuona zinthu ziwiriziwiri, wagwidwa khunyu, dzanja kapena mwendo wafooka kapena wachita dzanzi, khosi likuwawa, akusinza movuta kudzutsa, kapena akuchita ukali wachilendo. Maola oyamba asakhale yekha, asamwe mowa, asayendetse galimoto kapena njinga yamoto. Wa ululu mupatseni panado, osati aspirin kapena brufen, chifukwa ngati mkati mukutuluka magazi amenewo amaonjezera.

Kubwerera kuli ndi makwerero 6. Apume tsiku limodzi kapena awiri akuchita tintchito topepuka, foni pang'ono. Kenako kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga. Kenako kuthamanga yekha ndi mpira kumapazi. Kenako zokonzekera ndi anzake koma popanda kugundana kapena mpira wa kumutu. Kenako, dokotala atavomereza, zokonzekera zonse. Pomaliza masewero. Khwerero lililonse litenge maola osachepera 24, ndipo zizindikiro zikabwerera atsike. Malangizo a ku Britain a 2023 a matimu a m'madera amati asasewere mpikisano asanakwane masiku 21. Kumene kulibe dokotala wa timu, tsatirani 21 ameneyo.

a Tembo: Izi ndasunga. Komabe funso langa lilipo, Mayi Nachisale. Timu ikachita zonsezi, yauza wosewera zoona zonse polemba, ambulansi ilipo, masiku opuma akutsatidwa, ndiye pakapita zaka 25 munthuyo nkudwala. Pamenepo wasumira ndani?

Mayi Nachisale: Pamenepo mlandu wa kunyalanyaza ungamuvute kupambana, ndipo ndi malo okhawo amene mwambi wanu uja ukugwira. Koma si njira yokhayo. Wogwira ntchito m'fakitale akadwala matenda a ntchito salipidwa chifukwa bwana analakwa, amalipidwa chifukwa matendawo anachokera ku ntchito. Nchifukwa chake banja la Astle ndi ena ku Britain akhala akulimbikira kuti matenda a ubongo a osewera mpira alembedwe m'gulu la matenda a ntchito. Mu 2023 PFA, bungwe la osewera mpira ku England, ndi Premier League anakhazikitsa thumba loyambira pa £1 miliyoni lothandiza osewera akale odwala motere.

Kwa wosewera amene akusaina lero, awerenge zinthu izi asanagwire cholembera. Akavulala, malipiro apitirira miyezi ingati, ndipo ndi onse kapena theka? Opareshoni ndi mafizo alipira ndani, ndipo pali malire a ndalama? Kodi timu ingathetse kontrakiti chifukwa cha kuvulala? Ali ndi ufulu wokaonana ndi dokotala wina wosakhala wa timu? Inshuwalansi ikutha tsiku limene kontrakiti yatha, kapena ikufikira mavuto otulukira pambuyo pake? Ndipo asunge yekha makope a zolemba zonse za kuchipatala, tsiku lililonse limene anagundidwa mutu ndi masiku amene anapuma. Milandu ya rugby ija ikuchedwa mwa zina chifukwa cha kusonkhanitsa zolemba za kuchipatala za zaka zambiri zapitazo.

a Chirwa: Nanga wosaina ali ndi zaka 16 kapena 17, amene amusainira ndi malume ake?

Mayi Nachisale: Kholo kapena womulera angavomere kuti mwana asewere, koma siginecha yake sichotsa udindo wa timu ndi woimbira wosamala mwanayo. Mlandu wa Ben Smoldon ku England unasonyeza zimenezo. Anathyoka khosi mu 1991 ali ndi zaka 17 pa rugby ya achinyamata, scrum, pamene osewera amakankhana atawerama ndi kugwirana, itagwa mobwerezabwereza, ndipo khoti linapeza woimbira wolakwa chifukwa sanatsatire malamulo oteteza osewera a msinkhu umenewo. Ngati pali amene ali ndi fomu imene makolo amasainira ku akademe, aitumize pano atafufuta maina, tiione ndime ndi ndime.